Ndinayeza Ubongo wa Akulu Anga ndi Rula

Ndine mphunzitsi wa physics pa sekondale ina yoyendera cha ku Mponela, ndipo kwathu, kuseri kwa phiri la Ntchisi, ngakhale mayi anga ondibala amandiitana kuti Aphunzitsi. Kalata ya Chingerezi ikafika amaisunga m'Baibulo mpaka ndibwere. Zolemba pa botolo la mankhwala a mbewu zikavuta, amandiimbira foni. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyankha mafunso otere, ena ndikuwadziwadi, ena ndikungolimba mtima, ndipo palibe chachikulu chinalakwika kufikira chaka chimene anandipatsa zithunzi za ubongo wa akulu anga. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imandiyaka, chifukwa kunatsala pang'ono kuti munthu afe ndi nzeru zanga.

Akulu angawo ankagwira ntchito yosamalira maluwa ku Joni. Tsiku lina m'mawa anangogwa, mkono wamanja utalefuka, lilime litalemera, ndipo abwana awo anathamangira nawo kuchipatala kumene anawalowetsa m'makina a MRI nkuwauza kuti ndi sitiroko, yobwera ndi BP imene iwo sankadziwa nkomwe kuti ali nayo. Atapezako bwino anakwera basi kubwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi, botolo la mapiritsi ndi CD m'kaenvulopu koyera. Patatha miyezi 8 mutu unayamba kuwawawa, chizungulire osatha, achipatala cha paboma anawatumiza kuchipatala chachikulu, kumeneko anawatumizanso kum'mwera kumene kunali makina a MRI, ndipo alamu anabwerako atanyamula chienvulopu cha khaki, m'kati mwake muli mafilimu akuda ngati a X-ray ndi pepala limodzi la report. Adokotala anali atawauza kuti palibe chatsopano, apitirize kumwa mankhwala. Nkhani ikadathera pomwepo. Koma Loweruka lotsatira ndinatulukira ine pa kabaza, mayi nkuti, "Aphunzitsi, tationerani zithunzizi, mwina kuchipatala anangotibisira," ndipo m'malo moyankha kuti mayi, izi zandipitirira, ndinapukuta manja pa buluku nkunena kuti bweretsani zonse, za ku Joni ndi za kuno, tizifananitse.

Chimene chinandipatsa confidence ndi chilembo chimodzi, T. Pakona ya filimu iliyonse panalembedwa 0.35T, pa kaenvulopu ka CD ya ku Joni panalembedwa 1.5T, ndipo ine amene chaka ndi chaka ndimaima pamaso pa ana ndi maginito ochotsa mu sipika yakufa ndi tizitsulo topera, ndinadziwa pomwepo kuti T ameneyu ndi tesla, muyeso wa mphamvu ya maginito, dzina lochokera kwa Nikola Tesla. Ndinafotokozera onse pakhonde paja kuti dziko limene tapondali nalonso ndi maginito, koma ofooka kwambiri, moti makina a 1.5T amaliposa pafupifupi ka 30,000. Zimenezo zinali zoona. Mayi anagwedeza mutu, alamu anasiya kuswa mtedza. Kenako ndinagawa 1.5 ndi 0.35 pa foni, kunatuluka 4 ndi kanthu, ndipo ndinalengeza kuti chithunzi cha ku Joni ndi chabwino kanayi kuposa cha kuno. Ndinkaganiza ngati munthu wogula foni pa Mponela amene amangofunsa ma megapixel basi. Zolakwa zonse zimene ndikuuzeni zinaphuka pa tsinde limeneli.

Laputopu yanga ilibe poika CD. Lolemba nditaweruka ndinapita kwa mnyamata woika nyimbo m'mafulashi, anandikopera, ndinafika kunyumba nkupeza mafailo mazanamazana opanda mayina, ongolembedwa manambala, osatseguka ndi limodzi lomwe, ndinati ndi virus nkuwafufuta onse, m'mawa mwake ndinabwerera kwa mnyamata uja kukalipira kachiwiri, pa intaneti ndinamva kuti mafailo otere amatchedwa DICOM ndipo amafuna pulogalamu yawoyawo, ndinagula bundle, inathera pakati, ndinagula ina, magetsi anazima, ndinanyamula laputopu kukachajitsa pa sola ya pagolosale, ndipo Lachinayi cha m'ma 11 koloko usiku, akazi anga atagona kale, ubongo wa akulu anga unatulukira pa sikirini. Ndinakhala duu kwa nthawi. Unkaoneka ngati kabichi wodulidwa pakati, makwinya onse ali poyera, maso awiri ali kutsogolo ngati timipira, ngakhale kafupa ka m'mphuno kopindika kamene anavulala nako pa mpira tili ana kankaoneka. Ndikapukusa mouse ndinkatsika m'mutu mwawo kuchokera paliwombo mpaka pakhosi. Munthu amene ankandibereka powoloka mtsinje popita kusukulu nthawi ya dzinja, ine ndinali m'kati mwa mutu wake. Mantha amene ndinamva mphindi imeneyo anali oyenera, ndipo ndikadawasunga. Koma pofika m'mawa anali atatha, m'malo mwake ndinkangodzimva ngati andiveka chovala choyera cha adokotala.

Loweruka ndinabwerera kumudzi. Munali mu June, nkhungu itakuta phiri mpaka cha m'ma 10, ndipo dzuwa litatuluka ndinapachika mafilimu aja pa windo la kuchipinda kwa akulu anga ndi mapegi a zovala, laputopu pampando pambali pake. Kusiyana kwake ngakhale mwana akadakuona. Za ku Joni zinali zakuthwa ngati zolemba ndi pensulo yongosongola kumene. Za kuno zinali za mpunga ngati TV ya mlongoti wokhota, tizithunzi ting'onoting'ono tambiri pa filimu imodzi, ndipo kuseri kwake kunkaonekera nthambi za mgwafa wa pabwalo. Ndinajambula zonse ndi foni, dzanja likunjenjemera ndi kuzizira, ndinakwera pachulu pamene pamagwira network, nkuzitumiza pa group ya banja ya WhatsApp ndi mawu akuti taonani nokha. Sizinandifike m'mutu kuti galasi la windo linali ndi fumbi, kuti foni yanga inagwedezeka, kuti WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse chisanapite, ndi kuti mpunga wambiri umene abale anga anauona pa mafoni awo ndinauthira ndine.

Masana omwewo ndinapeza chimene ndinachitcha umboni. Pakati pa ubongo pali tizipinda tiwiri tooneka ngati mapiko a gulugufe. Pa chithunzi cha ku Joni chimene ndinatsegula, gulugufeyo anali wakuda bii. Pa filimu ya kuno anali woyera mbee, ndipo kuyera komweko kunazungulira ubongo wonse nkulowa m'makwinya monse ngati madzi a mvula m'mizere. Ndinatenga rula ya m'kalasi, ndinayeza pa sikirini, ndinayeza pa windo, manambala sanagwirizane, ndipo osafunsa munthu, osawerenga ngakhale report imene inali pampando pomwepo, ndinatuluka panja nkuuza alamu chapansipansi kuti m'miyezi 8 imeneyi madzi adzaza m'mutu mwa amuna awo ndipo ubongo wachepa kwambiri. Alamu anakhala pansi pomwe anaimapo. Mayi anamva nkuyamba kusisima kuseri kwa nkhokwe, pofika madzulo nkhani inali itafika kwa malume ku Malomo, Lamulungu a kumpingo anabwera kudzapemphera ngati kwa munthu wotsala madzi amodzi, ndipo akulu anga, amene dzulo lake anali atayamba kugwira khasu ndi dzanja lofookalo, anagona pamphasa nkutembenukira kukhoma.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Pofuna kutsimikiza ndinasanthula mafailo onse, ndinapeza kuti muli magulu angapo a zithunzi, ndipo m'gulu lina gulugufe wa ku Joni nayenso anali woyera chimodzimodzi ngati wa pa windo. Pamenepo ndinayenera kudzutsa nyumba yonse nkupepesa. Koma mtima wanga unkafuna chinthu chachikulu chokwirira nacho bodza lija, ndipo ndinachipeza m'gulu lomaliza, zithunzi zotuwa zosakongola nkomwe, pamene panali dontho lowala ngati tochi mumdima, kukula kwake ngati nzama. Ndinati sitiroko ija ndi imeneyi, ndipo apa pokha ndinalondola. Ndinayang'ana mafilimu a kuno ndi tochi ya foni, kamodzi, kawiri, katatu, dontho lowala kulibe. Kutacha ndinalowa kuchipinda kwawo ndili ndi chimwemwe chenicheni, ndinawagwira phewa nkuti, "Akulu, za madzi zija ndinaona molakwa, koma taonani apa, bala lija lapola, latheratu. Mwachira." Anayang'ana sikirini, anandiyang'ana ine, nkufunsa funso limodzi: "Ndiye mapiritsi aja ndizimwabe?" Yankho langa ndimalikumbukira liwu ndi liwu. Ndinati, "Bala likapola, bandeji ndi yachiyaninso?"

Anasiya. Kwa masabata atatu botolo linangokhala pa windo pomwe ndinapachika mafilimu paja, ine ndili ku Mponela kufotokozera aphunzitsi anzanga mu staff room momwe ndinatulukira zimene aliyense anaphonya. Lachitatu lina ndili pakati pa phunziro foni inalira, anali alamu, akuti mutu ukuwang'amba, akusanza, maso akuona zinthu ziwiriziwiri. Anawakweza pa njinga yamoto, iwo pakati, alamu kumbuyo atawagwira, kutsika nawo msewu wa fumbi wa m'mapiri uja mpaka pa health centre. Pamene ndinkafika, namwino anali atawayeza BP kawiri chifukwa koyamba sanakhulupirire. Anatsegula kabuku kawo ka kuchipatala nkufunsa, "Bambo, mankhwala anakutherani?" Iwo anati ayi, alipo. "Nanga anakuuzani kuti musiye ndani?" M'chipindamo munangoti zii. Akulu anga anayang'ana pansi nkunena kuti, "Ndinangotopa nawo." Alamu sanandiyang'ane nkomwe, ndipo kusandiyang'ana kumeneko kunandilasa kuposa mawu alionse. Ine ndinaima pakhomo, choko chili mbuu pa buluku, pakamwa osatsegula. Munthu wodwala anasenza mlandu wanga, namwino anamudzudzula ine ndikumva, ndipo ndinalola. BP inatsika patapita masiku, sitiroko ina sinabwere, koma si chifukwa cha ine.

Apa munthu wanzeru akadasiyira pomwepo. Ine manyazi anandikankhira kutsogolo. Ndinadziuza kuti vuto ndi makina ofooka aja amene alephera kuona dontho, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawerenga report ija mofatsa, cholinga chili chopezamo cholakwa, nkuchipezadi, chifukwa inkanena za old infarct kumbali ya left, pamene dontho langa linali kudzanja lamanja la sikirini, mkono wofooka wa akulu anga nawo ndi wamanja, ndiye ndinati mboni ziwiri zatsutsa imodzi, report yasokoneza mbali. Ndinafufuza pa intaneti nkumva kuti kuli makina a 3T, ndinagawanso pa foni, kunatuluka 8 ndi kanthu, ndinapempha msonkhano wa banja pansi pa mtengo wa mango, malume mwini mbumba ali pomwepo, ndinayankhula za tesla mpaka mthunzi unasuntha, ndipo pamapeto pake banja linagwirizana kuti ndalama za fodya wa chaka chimenecho, mabelo amene anali atangogulitsidwa ku okushoni ku Kanengo, ziphatikizidwe ndi ng'ombe ziwiri za pangolo, akulu anga abwerere ku Joni akajambulitse pa makina amene ine ndinkawatcha enieni. Malume anafunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Kawiri konse ndinati eya. Wogula ng'ombe anabwera Lachiwiri, anaziyang'ana mano, anasiya chikole.

Amene anandiimitsa ndi mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha. Ndinkapita ku Lilongwe kukafunsa mtengo wa basi ya ku Joni, envulopu ili pamiyendo, ndipo mu minibasi pa Mponela mtsikana wokhala pambali panga anati, "Sir, mwandiiwala?" Anali wa m'kalasi langa zaka zapitazo, wa benchi ya kutsogolo, ndipo tsopano ndi radiographer, wojambula odwala kuchipatala. Ndinakondwa kuti ndapeza mboni. Tisanafike pa Lumbadzi ndinali nditamukhuthulira kale theory yanga yonse mokweza mawu, za 4 ndi kanthu, za dontho lotayika, za report yosokoneza mbali, anthu a mpando wakutsogolo akuchita kucheuka. Iye anangomvetsera. Titatsika anati, "Sir, tiyeni tikhale penapake tione bwinobwino." Tinalowa m'kalesitilanti pafupi ndi depoti, anapukuta tebulo, anagwira filimu m'mbali mokhamokha, mosamala, pamene ine ndinali nditaiboola ndi mapegi. Mawu ake oyamba anandivula. "Sir, ine kutchula matenda pa zithunzizi sindiloledwa. Imeneyo ndi ntchito ya adokotala a radiology, anaiphunzira zaka zambiri. Ndingokuonetsani zimene zalembedwa m'mphepetemu." Munthu amene amajambula odwala tsiku ndi tsiku ankadziwa pamene ntchito yake yathera. Ine wa maginito a mu sipika ndinali nditaletsa munthu mankhwala.

Ndi chikhadabo chake analoza timalemba ting'onoting'ono timene ine ndinkangotidumpha. T1. T2. Makina amodzi omwewo, anatero, amajambula mutu umodzi m'njira zingapo. Pa T1 madzi amaoneka akuda, pa T2 amaoneka oyera, ndipo madzi amenewo munthu aliyense ali nawo, ndi amene amatchinjiriza ubongo m'chigaza. Ine ndinaika T1 ya ku Joni pambali pa T2 ya kuno nkuitanitsa mapemphero. Dontho lowala lija linali m'gulu lotchedwa DWI, limene limaonetsa sitiroko ikadali yatsopano. Limawala masiku oyambirira, pakatha sabata ziwiri kapena kuposerapo limayamba kuzilala, ndipo ngakhale akulu anga akadabwerera pa makina omwewo a ku Joni patatha miyezi 8, tochi ija sikadapezeka. Chimatsala ndi chipsera, ndipo anandionetsa pamalo pamene report inkanena, kadzenje kakuda pa T1, koyera pa T2, kamene ndinakadutsa kakhumi konse chifukwa ndinkasaka zowala. Kenako analoza chilembo R, chili kudzanja langa lamanzere. Zithunzi zimenezi amaziika ngati wodwala wagona chagada, inu mwaima kumapazi kwake, ndiye kumanja kwake ndi kumanzere kwanu. Ndiponso mbali ya kumanzere ya ubongo ndi imene imayendetsa mkono wamanja. "Zimenezi munatiphunzitsa ndinu, Sir, teremu imene kunalibe aphunzitsi a biology." Za rula sananene zambiri. Anangoloza kamzere ka masentimita kamene kamakhala pambali pa chithunzi, kosonyeza kuti china anachikulitsa, china anachichepetsa kuti chikwane pa filimu.

Ndinayesa kupulumutsa kanthu kamodzi. Ndinati, komabe 1.5 imaposa 0.35, si choncho? Pofunsapo sindinadziwenso ngati ndimuti iwe kapena inu. Anavomera, ndipo apa physics yanga inayamba kugwira ntchito imene inayenera kugwira kuyambira pachiyambi. Thupi lathu ndi madzi ochuluka, m'madzi muli hydrogen, ndipo pakati pa atomu ya hydrogen pali proton imene imachita ngati kamaginito. Maginito aakulu a makinawo amafoletsa timaginito timeneti, mafunde a wailesi amatikankha, ndipo tikamabwerera m'malo mwake timatulutsa kamawu kamene makina amakatchera khutu, kompyuta nkukasandutsa chithunzi. X-ray mulibemo. Maginito akakhala amphamvu kamawuko kamamveka pamwamba pa phokoso, ndiye mutha kudula ubongo m'zidutswa zopyapyala nkuona tinthu ting'onoting'ono. Akakhala ofooka mumadula zokhuthalako, kapena wodwala amagona m'makinamo nthawi yotalikirapo kuti kamawuko kaunjikane. Anawonjeza kuti ngakhale T1 ndi T1 pa makina osiyana mphamvu sizituwa mofanana, kuti chitsulo cha m'mano chimaononga chithunzi kwambiri pa makina amphamvu kusiyana ndi pa ofooka, ndi kuti adokotala akamafananitsa amafuna gulu lofanana, chidutswa cha pamalo ofanana, ndi tsiku limene chilichonse chinajambulidwa.

Pa tesla iliyonse ma proton amenewa amalira pa 42.6 MHz. Ndinachulukitsa ndekha kuseri kwa lisiti. Makina a 1.5T ali cha pa 64 MHz, kumunsi kwa FM. A 0.35T ali cha pa 15 MHz, m'dera la shortwave ya mawailesi a makolo athu. Ndi pamene ndinakumbukira malemu bambo anga atakanikiza wailesi kukhutu madzulo kuseri kwa phiri lathu, ikungolira shiii, akumvera mauthenga achisoni. Nyimbo pa wailesi imeneyo sinkakoma. Koma dzina la womwalira, mudzi wake ndi tsiku la maliro ankazimva osaphonya. Achipatala anatumiza akulu anga kum'mwera ndi funso lawo, ngati m'mutumo mwachitika sitiroko ina, kapena muli chotupa, kapena china chachikulu chatsopano, ndipo mafilimu a mpunga aja anayankha kuti mulibe. Ine ndinkapikisanitsa kukongola kwa zithunzi, funsolo osalidziwa nkomwe.

Pambuyo pake ndinakhala pansi nkuwerenga zimene ndinayenera kuyamba nazo. Makina oyamba a MRI m'Malawi muno anaikidwa mu 2008 pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, ndipo anali a 0.35T, mphamvu yomweyo imene ndinainyoza pansi pa mtengo wa mango. Anabwera kudzera m'ntchito ya Blantyre Malaria Project, imene Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University wakhala akuigwira kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mmodzi mwa owerenga zithunzizo anali Dr Sam Kampondeni, Mmalawi mnzathu. Kwa zaka zambiri madokotala ankaona ana odwala malungo a mu ubongo akukomoka, kupuma nkuima, osadziwa bwino chimene chikuwapha. Mu 2015 Dr Karl Seydel ndi anzake a gulu limeneli anasindikiza mu New England Journal of Medicine zimene anapeza pa ana 168. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa amene anachira, otupa chotere anali 27 pa 100 alionse. Ubongo ukatupa m'chigaza chimene sichitambasuka, umapanikiza tsinde lake, pamene pamayendetsedwa kupuma. Dziko lonse linaphunzira zimenezi pa makina a 0.35T a ku Blantyre. Ndinawerenga nkhaniyi kawiri, chifukwa kwathu kuno palibe mudzi umene sunaikepo mwana m'manda nthawi ya dzinja chifukwa cha malungo. Ndipo ofufuza omwewo atafuna kuona zinthu zing'onozing'ono zimene makina awo sakadaonetsa bwino, monga timagazi totayika m'ubongo, anakajambula ana ena ku Lusaka pa makina a 1.5T nkusindikiza zotsatira zake mu 2018. Iwo anapita ku makina amphamvu atadziwa chimene akukafuna. Ine ndinkatumiza akulu anga ku Joni kukatsata nambala.

Ndinamvetsanso chifukwa chake makina a 1.5T ndi 3T simungawapeze paboma pathu. Maginito ake ndi waya wozizidwa ndi helium wamadzimadzi pa -269°C, amafuna magetsi osadukiza oyendetsa zoziziritsira, chipinda chotchingidwa kuti mafunde a mawailesi akunja asalowe, ndi amisiri okhala pafupi. A 0.35T aja safuna helium. Tsopano kwabweranso ena ofookerapo, Swoop a kampani ya Hyperfine, a 0.064T, oyenda pa mateyala mpaka pa bedi la wodwala, olumikiza pa soketi ya pakhoma ngati ketulo. Ku America anawaloleza mu 2020, ndipo mu 2022 madokotala a pa Gulupu analemba momwe akuwagwiritsira ntchito. Chaka chija nambala imeneyi ndikadaiseka. Lero ndikaganiza ulendo umene alamu anayenda ndi munthu wa chizungulire, kuchokera kuseri kwa phiri, kabaza, minibasi, basi, kugona pabenchi, ndimalakalaka makina otere atafika pa Ntchisi kapena pa Dowa, ndi mpunga wake womwewo, pamodzi ndi munthu wophunzitsidwa kuwerenga zithunzi zake.

Tsiku lija ku depoti ya mabasi a ku Joni sindinafikeko. Chikole ndinakabweza ndekha, nkuwonjezerapo ya m'thumba mwanga chifukwa wogula uja anali atalipira kale galimoto yodzatenga ng'ombe. Kenako ndinapempha malume kuti aitanenso anthu pansi pa mtengo womwe uja. Ulendo uno sindinaime. Ndinakhala pansi nkunena zonse mwa dongosolo, za madzi, za rula, za dontho, za mbali, mpaka za bandeji ndi za kuchipatala kuja kumene ndinakhala chete. Mawu ankandikakamira pakhosi. Mayi anangoyang'ana m'manja mwawo. Alamu anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba chichokere tsiku lija. Akulu anga anatambasula dzanja lawo lofookalo, anandigwira bondo nkuti, "Mphwanga, iwe unkafuna ndichire. Basi, zatha." Pa tsiku lawo lotsatira la ku BP ndinawaperekeza, ndipo ndinauza namwino uja kuti amene anawaletsa mankhwala ndinali ine. Anandiyang'ana pang'ono, anafafaniza mawu ena m'kabuku, nkutiuza tonse awiri kuti mankhwala a BP munthu sasiya chifukwa wapezako bwino, amasintha ndi achipatala okha.

Akulu anga amamwa piritsi lawo m'mawa uliwonse asanapite kudimba, ndipo ng'ombe zija zikukokabe ngolo. Mafilimu ali ndi timabowo ta mapegi mpaka lero. Inu amene kwanu amakusungirani makalata a Chingerezi, tsiku limene adzakupatsani envulopu yotere, itengeni pamodzi ndi wodwalayo, kabuku kake ndi botolo lake la mankhwala, mupite nazo kuchipatala.